Akati mwana "ali ndi kuthekera", akutanthauza chiyani?

Mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 13 adapita kukayesedwa mpira, kochi n'kunena kuti, "Mwanayu ali ndi kuthekera," koma osamutenga. Ndiye akufunsa: kumeneku n'kuyamikira kapena n'kukana mwaulemu? Nanga mawuwa ndi Chichewa chenicheni?

Mayi, Chichewa ndithu. Tsinde lake ndi kutha, monga tinenera kuti "amatha kusoka". Pa kutha pamatuluka kutheka, ndipo tikaikapo -er- tipeza kuthekera. Chatsopano n'chakuti lero tikuwatchula ngati katundu amene munthu ali naye m'thumba, kalankhulidwe ka pa wailesi ndi m'misonkhano ya mabungwe. Agogo anu akadangoti, "Kamwana aka kali ndi mutu, kadzatha."

Musakusokoneze ndi luso. Luso limaoneka ndi maso. Pitani mu msika waukulu wa Mzuzu mukaone mnyamata wokonza mafoni: amasula chivundikiro, kupukuta ndi kaburashi, kuwotcherera kawaya kochepa ngati tsitsi, foni n'kuyaka. Limenelo ndi luso. Koma pambali pake pamaima mng'ono wake wongotumidwa tiyi. Sadagwirepo chowotcherera, komabe tsiku lina amvekere, "Achimwene, si batire, ndi pochajira," ndipo zikhaladi zoona. Uyo ndiye ali ndi kuthekera. Zilimo, koma sizinatuluke, ndipo mwina sizidzatuluka ngati akhalabe wa tiyi. N'chifukwa chake ine sindikonda kumva kuti "kuthekera kobisika". Kukadakhala poyera sitikadakutcha dzina limeneli.

Mawuwa amanenedwanso pa malo. Mzuzu adayambira pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, m'zaka za m'ma 1940, n'kudzakhala mzinda mu 1985, ndipo yunivesite ya ku Luwinga idalandira ophunzira oyamba mu 1999. Amene akadanena kale kuti pano pali kuthekera sakadanama. Koma a ndale atitopetsa nawo mawuwa. Chaka ndi chaka timva kuti khofi wa ku Misuku ndi ku Phoka ali ndi kuthekera, nyanja ya ku Nkhata Bay ili ndi kuthekera, achinyamata nawonso chimodzimodzi, a ndalewo n'kukwera galimoto ulendo.

Ndiye kochiyo adayamikira kapena adakana? Mawuwa akaima okha amakhala opunduka, amafuna mnzake woyamba ndi ko-: kuthekera kotchinga kumbuyo, kuthekera kogoletsa ndi mwendo wamanzere. Bwererani mukamufunse kuti, "Bambo, kuthekera kotani?" Akakuuzani kuti mwanayo amadzutsa mutu kuona anzake mpira usanamufike, koma mpweya umamuthera msanga, dziwani kuti adamuonadi, ndipo mwapeza poyambira. Akangoseka n'kuti "azilimbikira basi", kamuonetseni kwa kochi wina.