Funsani Akatswiri: Kuthamangitsa purosesa osaiwotcha

Funso: Ndili ndi kompyuta ya masewera yomwe ndinalumikiza ndekha. Muli purosesa ya Ryzen 5 3600, motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse) ya B450 ndi fani yomwe inabwera m'bokosi limodzi ndi purosesayo. Mu June ndinakweza liwiro la ma core onse (tizigawo ta purosesa togwira ntchito) kufika pa 4.2 GHz ndipo inkayenda bwinobwino. Chilowereni October ikumazima yokha mpira uli mkati. Kodi ndaiwononga? Wowerenga wa ku Luchenza, Thyolo.

Yankho: Achimwene, musadandaule msanga. Vuto ndi loti munaiyesa nthawi ya chiperoni. Fani sipanga kuzizira, imangokankha mpweya womwe uli m'chipindamo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 12 kuposa mu June, purosesa nayo imakwera pafupifupi madigiri 12 omwewo, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana a October zimafika pamenepo mosavuta. Purosesa ikatentha imafuna voltage (mphamvu ya magetsi) yochulukirapo kuti igwire liwiro lomwe lija. Ikapanda kuipeza imalakwitsa masamu, masewera n'kutsekeka kapena kompyuta n'kuzima. Malire omwe a AMD anaika pa Ryzen 5 3600 ndi madigiri 95, koma ife timati poyesa musapyole 85.

Yambiraninso pachiyambi. Lowani mu BIOS, pulogalamu ya motherboard yosinthira kayendedwe ka kompyuta, musankhe Load Optimized Defaults kuti zonse zibwerere pa manambala a ku fakitale. Ikani pulogalamu ya HWiNFO64 ndipo maso anu akhale pa mzere wa Tctl/Tdie, womwe umaonetsa kutentha kwa purosesa. Kenako yendetsani Cinebench R23, pulogalamu yoyesera purosesa poigwiritsa ntchito yolemetsa, kwa mphindi 10, cha m'ma 2 koloko masana dzuwa lili phwee, osati usiku. Ikafika pa 85 musanakhudze kalikonse, imani pomwepo. Wraith Stealth, fani ya m'bokosi ija, ndi kachibuma ka aluminiyamu komwe anakapangira purosesa ya mawati 65 ikuyenda pa liwiro la ku fakitale. Mukufunika choziziritsa choimirira, chokhala ndi mapaipi a kopa anayi ndi fani ya 120 mm.

Posintha choziziritsa ndi pamene ambiri amalira. Yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti thermal paste yakale, phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsa, ifewe, muzimitse, muzule pulagi, mumasule masikuluwu, kenako mupotokole choziziritsacho pang'ono uku ndi uku musanachinyamule. Mukangokoka, purosesa ya soketi ya AM4, ngati yanuyi, imazuka nacho limodzi ndipo timapini take timapindika. Pukutani paste yakale ndi isopropyl alcohol, mudonthetse yatsopano pakatikati, kadontho kamodzi kakukula ngati njere ya nandolo. Onani pansi pa choziziritsa chatsopanocho: pamakhala kapulasitiki kowonekera komwe kayenera kumatulidwa. Masikuluwu mangani mopingasa, pang'onopang'ono, kuti chikhale mofanana mbali zonse.

Tsopano liwiro. Limachokera pa 100 MHz kuchulukitsa ndi nambala ya CPU Ratio, choncho 40 ndiye 4.0 GHz. Yambirani pa 40, ndipo Vcore, yomwe ndi voltage ya purosesa, muilembe nokha pa 1.20 V. Musaisiye pa Auto, chifukwa motherboard imatha kuthira voltage yoposa yofunika. Load-Line Calibration, yomwe imachepetsa kutsika kwa voltage ntchito ikachuluka, ikhale yapakatikati. Yesani ndi Cinebench. Ikadutsa, kwezani ratio ndi 0.5, muyesenso. Ikakana, onjezerani voltage ndi 0.0125 V basi. Kutentha kumakwera msanga ndi voltage kuposa ndi liwiro: kuchoka pa 1.20 kufika pa 1.30 V kumawonjezera mphamvu yosanduka kutentha ndi pafupifupi 17 pa 100 iliyonse, liwiro lisanasinthe n'komwe. Pa purosesa yanuyi khalani cha pa 1.25 V, ndipo 1.30 musaidumphe. Voltage yokwera siipha tsiku limodzi, imaidya mwapang'onopang'ono mpaka liwiro lomwe inkakwanitsa kale liyambe kuikanika.

Mukapeza pomwe ikukhazikika, iyendetseni pa OCCT, pulogalamu ina yoyesera, kwa ola lathunthu, muone ngati HWiNFO64 yawerenga zolakwika za WHEA, zomwe Windows imalemba chipangizo chikalakwitsa. Ngakhale cholakwika chimodzi chikutanthauza kuti sizinakhazikike. Onaninso kutentha kwa VRM, tizipangizo tozungulira soketi topereka magetsi ku purosesa. Pa ma B450 otchipa timakhala tosavala chitsulo choziziritsa. Zonse zikadutsa, tsitsani ratio ndi 0.5 kuti mukhale ndi mpata wa kutentha kwa November.

Kunena zoona, phindu lake pa Ryzen 5 3600 ndi lochepa, poti payokha imakwera kale mpaka 4.2 GHz ntchito ikakhala yopepuka. Ngati RAM (memori) yanu ndi ya 3200 MHz koma simunayatse XMP mu BIOS, yomwe imaiyendetsa pa liwiro limeneli, yambirani kumeneko; masewera ambiri amasintha mooneka. Dziwaninso kuti waranti ya AMD siteteza purosesa yowonongeka chifukwa chothamangitsidwa.

Funso: Yanga ndi Core i5-9400F pa motherboard ya H310. Ndafufuza BIOS yonse, pokwezera liwiro sindikupaona. Mtsikana wa ku Chitakale, Mulanje.

Yankho: Achemwali, palibedi. A Intel amalola izi pa purosesa yokhala ndi chilembo K, monga i5-9600K, ndiponso pa motherboard ya Z, monga Z390. Wina akakulonjezani BIOS yosinthidwa yotsegulira zimenezi, mukaneni. Mutha kutsala ndi motherboard yakufa. Onani kaye chomwe chikukuchedwetsani. Ngati posewera GPU, khadi la zithunzi, ikugwira ntchito pa 97 kapena 99 pa 100, purosesa ilibe mlandu. Ngati muli ndi RAM imodzi ya 8 GB, onjezerani ina yofanana nayo kuti ziyende ziwiriziwiri. Zimenezi zithandiza kuposa ma MHz omwe mukusakawo.

Funso: Ndinasintha manambala mu BIOS, pano mafani akuzungulira koma sikirini ili bii. Mphunzitsi wa ku Bvumbwe.

Yankho: Aphunzitsi, zulani pulagi kukhoma, mudine batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe. Pezani timapini tiwiri tolembedwa CLR_CMOS kapena JBAT1, mutikhudzitse ndi nsonga ya sikuludiraiva kwa masekondi 10. Mukalephera kutipeza, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zisanu, mukabwezeretse. BIOS ibwerera pa manambala a ku fakitale, ndipo mudzafunika kukonzanso tsiku ndi nthawi. Ulendo wina muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba pa pepala nambala iliyonse.

Wina akakuuzani kuti mankhwala ake ndi kuika BIOS yatsopano, musayerekeze popanda UPS, batire yosunga kompyuta ili choyaka magetsi akathima. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, kuchotsa batire sikuthandizanso, pokhapokha ngati motherboard yanu ili ndi batani la BIOS Flashback kumbuyo, lomwe limalemba BIOS kuchokera pa flash ngakhale kompyuta ikukana kuyaka.