Mwana wa miyezi 10 khosi silinalimbe: kodi ndi cerebral palsy?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wake ali ndi miyezi 10, koma akamubereka mutu umagwera kumbuyo, akamukhazika pamphasa amangopindika, akafuna kugwira supuni dzanja limaphonya. Anabadwa movutikira ndipo anachedwa kulira. Apongozi akuti ndi tsempho. Iye akufunsa ngati ndi cerebral palsy.

Mayi, pepani, nkhawa yanu ndaimva. Kulobodoka pakokha sikutanthauza cerebral palsy, chifukwa kunyentchera, Down syndrome (vuto lobadwa nalo lochedwetsa kakulidwe ka mwana) ndi vuto la chithokomiro nazonso zimafooketsa thupi la mwana. Komatu zoti anachedwa kulirazo musazitaye. Cerebral palsy imabwera ubongo ukavulala udakali wanthete: mwana akabanika pobadwa, akabadwa masiku asanakwane, akadwala chikasu chachikulu, malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Sipatsirana, ndipo kuvulalako sikupitirira kukula. Ana ena amayamba olobodoka chonchi, kenako miyendo n'kuyamba kuuma ndi kupingasa.

Za tsemphozo zimandipweteka mtima, chifukwa mlandu umagwera mayi amene wagona kale tulo tochepa. Inu simunalakwe kanthu.

Ana ambiri khosi limalimba pofika miyezi 4, ndipo amakhala okha pofika miyezi 9. Choncho musadikirenso. Tengani buku la kusikelo, mukafotokoze zonse kuyambira tsiku lobadwa, mukapemphe kuti akutumizeni ku mafizo. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe mafizo aliko, ndipo bungwe lothandiza olumala la MAP (Malawi Against Physical Disabilities) limathandiza ana otere. Mafizo angathe kuyamba ngakhale dzina la matenda lisanadziwike, chifukwa ubongo wa khanda umaphunzira msanga.

Pakhomo, akakhala maso muzimugoneka chafufumimba, chitenje chokulunga chili pansi pa chifuwa, inu mukhale kutsogolo kwake mukumuimbira kuti adzutse mutu. Pomubereka, chitenje chizifika mpaka kukhosi. Pomudyetsa phala musamugoneke chagada. Mukhazikeni pamwendo panu, mutu uli chilili, phala likhale lolimbirako, supuni yaing'ono, ndipo mudikire ameze kaye. Akamatsamwa pafupipafupi, kukomoka kapena kutsika sikelo, pitani kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani.