Mwana akufuna kufufuza ndakatulo ya Layamon: kodi adzapeza ntchito?

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo, yemwe akumaliza digiri ya Chingerezi, akufuna kupitiriza maphunziro pa ndakatulo zakale za ku England zosimba za mafumu a m'nthano, makamaka Brut ya Layamon. Iwo akufunsa ngati n'koyenera kulipirira maphunziro otere.

Mayi, musanatulutse ndalama, mwana wanu ayambe wayesa kuwerenga masamba angapo a ndakatuloyi m'chilankhulo chake chenicheni. Layamon anali wansembe ku Areley Kings, m'mbali mwa mtsinje wa Severn, ndipo analemba mizere pafupifupi 16,000 cha m'ma 1200, m'Chingerezi chovuta kwambiri kuposa cha Chaucer, mlakatuli wotchuka wa ku England wa m'zaka za m'ma 1300. Nkhaniyo anaitenga kwa mlakatuli wina dzina lake Wace, amene anamaliza Roman de Brut m'Chifalansa mu 1155, ndipo Wace naye anaitenga m'buku la Chilatini la Geoffrey wa ku Monmouth la m'zaka za m'ma 1130. Choncho wofufuza mozama amafunika zilankhulo zitatu, ndipo ambiri amagwa ulesi pamenepa.

Mwana wanu adziwenso kuti nkhani za m'ndakatuloyi za Brutus wochokera ku Troy, za Leir ndi ana ake aakazi atatu komanso za Mfumu Arthur si mbiri yotsimikizika. Chimene chimakopa akatswiri ndi funso ili: n'chifukwa chiyani wansembe wachingerezi, patapita zaka zoposa 100 kuchokera pamene Anomani a ku France anagonjetsa England mu 1066, anasankha kutamanda m'Chingerezi mafumu a Abritoni (anthu akale a ku Britain), amene adani awo anali Asakisoni, makolo a Angerezi omwewo? Ngati funso lotere limamusowetsa tulo mwana wanu, ndiye kuti chidwi chake n'chenicheni.

Za ntchito ndinene mosabisa. Mipata yophunzitsa zimenezi ku yunivesite ndi yochepa ngakhale ku Britain komwe, kumene mabuku awiri okha olembedwa pamanja otsala a Brut amasungidwa ku British Library mu London. Luso losanthula zolemba zakale limathandiza pa uphunzitsi, pa ukonzi wa mabuku ndi pa ntchito yosunga zolemba zakale, koma ntchito zimenezi angazipeze popanda digiri yodula ya kunja. Malangizo anga ndi akuti musagulitse munda kapena kutenga ngongole. Iye apeze kaye satifiketi ya uphunzitsi, aziphunzira Chilatini ndi Chifalansa akugwira ntchito, ndipo adzapite kunja pokhapokha yunivesite itamulonjeza m'kalata kuti idzamulipirira fizi ndi zofunika pa moyo wake.