FUNSANI AMISIRI: Madzi analowa m'chipinda chapansi, tikonze bwanji tokha?

Makalata a mwezi uno achuluka a anthu a mu Lilongwe omwe madzi anawalowera m'nyumba dzinja lapitali. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Nyumba yanga ili pamalo otsetsereka, ndiye kumunsi kuli chipinda chomwe khoma lake limodzi linakwiririka ndi dothi pafupifupi lonse. Mu Januwale madzi analowa mpaka kulekeza m'mawondo. Tinakapa, koma pano penti ikusendeka ndipo khoma likutuluka zoyera ngati mchere. Ndikufuna kukonza ndekha kuti mwana azigonamo. Simenti ndi penti ndagula kale. Ndiyambire pati? Bambo wa ku Area 47

YANKHO: Bambo, pentiyo muyambe mwaisunga. Simentiyo isanjikeni pa mapulanga pamalo ouma ndipo muigwiritse ntchito panja msanga, chifukwa ikakhala miyezi yoposa itatu imayamba kuchita mibulu n'kuchepa mphamvu. Ntchito yanu iyambire kunja kwa khomalo. Mukapaka pulasitala watsopano madzi asanatsekeredwe njira, chaka chamawa mudzagulanso simenti ina.

Choyamba dziwani komwe madzi anachokera. Tsekani mipopi yonse m'nyumba n'kuyang'ana mita ya Water Board kwa ola limodzi. Ikamayendabe, pali paipi yophulika pansi. Ikaima, ndiye kuti vuto ndi mvula. Anthu ambiri sadziwa kuchuluka kwa madzi otsika padenga lawo lomwe. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa padenga la masikweya mita 100, amatsika malita 2,500, kupitirira migolo 12 ya malita 200. Ngati palibe magata, ngalande zija zolandira madzi m'mphepete mwa denga, onsewo amathera m'tsinde mwa khoma. Ikani magata ndi mapaipi otsitsira madzi kungalande, ndipo muzungulize nyumba ndi kakhonde ka konkire kotambalala mita imodzi, kotsetsereka masentimita awiri pa mita kuloza kunja.

Khoma lokwiririkalo ndiye mwini nkhani. Dikirani mvula ithe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mukumbe kunja kwake mpaka muone pamwamba pa fawundeshoni. Musakumbe kupitirira pansi pa fawundeshoni, nyumba ingatitimire. Dzenje likapitirira mita 1.2 kuya, m'mbali mwake mupendeketse kapena muchirikize ndi matabwa, dothi lofukulalo muunjike kutali ndi m'mphepete ndi mita imodzi, ndipo munthu asagwire ntchito m'menemo ali yekha. Dothi limagumukira munthu mosachenjeza.

Khoma likaonekera, litsukeni ndi bulashi yawaya, mulipake pulasitala wa muyezo umodzi wa simenti ku itatu ya mchenga wa mumtsinje, wothira mankhwala oletsa madzi monga zalembedwera pachigubu. Pomwe khoma lakumana ndi fawundeshoni musasiye kona yakuthwa, pazikhala potsetsereka kuti madzi asamaime. Pulasitala akauma, pakani phula lamadzi lija amagulitsa m'mahadiweya kawiri kapena katatu, kudikira kuti loyamba liume musanabwereze, ndipo ulendo wachiwiri bulashi iziyenda mopingasa woyamba. Kenako phimbani ndi pepala lakuda la pulasitiki kuti miyala isang'ambe phulalo pokwirira.

Pansi pa dzenje yalani nsalu yosefa dothi, yomwe ambiri amaitcha bidim, thirani miyala ya kwale ya mamilimita 19 yokwana masentimita 10, n'kugoneka paipi ya mamilimita 110 yobowolabowola, mabowo atayang'ana pansi. Paipiyi ikhale m'munsi mwa levulo ya pansi pa chipinda, itsetsereke sentimita imodzi pa mita iliyonse. Thiraninso miyala masentimita 30 pamwamba pake, pindirani nsalu ija pamwamba, kenako kwirirani. Anthu ambiri amadumpha nsaluyi poti n'njodula, koma popanda iyo dothi lofiira lathu lino limalowa m'miyala n'kutseka paipi pakangopita madzinja ochepa. Mwayi wanu ngwakuti malo ngotsetsereka, ndiye paipi ikhoza kukatulukira kumunsi kwa puloti n'kuthira mu ngalande ya mumsewu. Musalozetse kwa aneba. Ngati ngalande kulibe, kumbani sokawe, dzenje lodzaza miyala lomwetsera madzi m'nthaka, patali ndi nyumba mamita osachepera asanu.

Tsopano m'kati. Gumulani pulasitala ndi nyundo ndi tchizulo mpaka masentimita 30 pamwamba pa mzere womwe chinyezi chalekeza, osati pomwe madzi analekeza, chifukwa njerwa zimakoka madzi kukwera nawo. Kokotani matope a pakati pa njerwa sentimita imodzi kuti pulasitala watsopano adzagwire. Zoyera zijazo ndi mchere wa m'njerwa ndi m'dothi womwe madzi amausiya akamauma. Uchotseni ndi bulashi youma n'kusesa. Mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwereranso m'khoma.

Apa m'pofunika kudekha. Amisiri amawerengera pafupifupi mwezi umodzi pa masentimita 2.5 alionse a kunenepa kwa khoma, choncho khoma la mainchesi 9 lomwe lamwa madzi limatha miyezi ingapo. Mphepo ya Ogasiti ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala zimathandiza ngati mazenera ndi zitseko zili zotsegula. Kuti mudziwe ngati lauma, dulani pulasitiki woonekera wa masentimita 45 mbali zonse, mum'mate pakhoma ndi tepi kuzungulira, adikire usiku ndi usana. Mukapeza madontho kunsi kwake kapena njerwa zitada, dikiranibe.

Likauma, sakanizani thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ndi mawilibala awiri osasefukira a mchenga wosefa. Pa kunenepa kwa mamilimita 15, zimenezi zimakwana pafupifupi masikweya mita 8. Mchenga wakudambo wokhala ndi dothi lambiri umang'alula pulasitala. Uyeseni m'botolo: thirani mchenga mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, musiye ukhazikike, dothi limakhala pamwamba, ndipo likachuluka usakeni kwina. Nyowetsani khoma pang'ono musanaponye, siyani mpata wa sentimita imodzi pakati pa pulasitala ndi pansi, ndipo muzimuwaza madzi masiku 7. Musasalalitse ndi jipisamu, ufa uja wosalalitsira makoma, umafewa ukakumana ndi chinyezi. Penti idikire milungu inayi, ndipo ikhale yamadzi kapena laimu. Ya oyilo imatsekera chinyezi m'kati n'kuchita matuza.

Za mwana kugonamo, ife tikuti chipindacho chiyambe chaona dzinja limodzi lathunthu chilibe kanthu. Chikafika Epulo chili chouma, komanso chili ndi zenera lotseguka ndi maventi opitira mphepo, ikani matailosi ndi bedi.

FUNSO: Madzi omwe analowa kwathu anabwera ndi zam'zimbudzi za m'dera. Matope tinachotsa koma fungo silikutha, ndipo kuseri kwa kabati kwachita chuku chakuda. Anzanga akuti ndiike mbaula ziwiri ndi kutseka zitseko kuti muume msanga. Magetsi tinayatsa ndipo akuyaka bwinobwino. Mayi wa ku Kawale

YANKHO: Mayi, za mbaulazo musayese n'komwe. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, ndipo munthu amangofooka n'kugona osadzukanso. Chimodzimodzi jenereta, isalire m'nyumba. Chomwe chimaumitsa nyumba ndi mphepo yodutsa: tsegulani mbali ziwiri zoyang'anizana, sunthani katundu achoke kukhoma, ndipo ngati muli ndi fani iloze kukhomo.

Magetsi kuyaka sikutanthauza kuti ali bwino. Matope amakhalira m'masoketi ndi m'mapaipi a mawaya, n'kumachititsa dzimbiri pang'onopang'ono mpaka polumikizira patenthe. Thimitsani pa meni switchi, itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso asinthe soketi iliyonse yomwe inamira, atulutse madzi m'mapaipi, ayeze mawaya ndi makina asanayatsenso. Mum'pemphe akweze masoketi apitirire pomwe madzi anafika. Iyi si ntchito yochita nokha, ndipo za mita ndi waya wochokera pa polo n'za ESCOM.

Potsuka valani magambutsi, magolovesi ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri mu Lilongwe muno, ndiye madzi a zimbudzi tisamawatenge mopepuka. Yambani ndi sopo ndi madzi, chifukwa mankhwala sagwira ntchito pamwamba pa matope. Kenako sakanizani kapu imodzi ya Jik, uja wa 3.5 peresenti, ndi makapu 6 a madzi, pakani pansi ndi m'makoma, dikirani mphindi 10 mpaka 15 musanatsukuluze. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, zimatulutsa utsi wowotcha m'mapapo. Chuku mukolope chili chonyowa ndi madzi omwewo, osachipala chouma, fumbi lake limayambitsa chifuwa makamaka kwa ana ndi a mphumu.

Fungolo nthawi zambiri limakhala m'zinthu zomwe mukuzimvera chisoni kutaya. Matiresi a siponji, kapeti, mipando ya nsalu ndi makabati a matabwa opanikiza aja amafufuma, zikamwa madzi a zimbudzi sizitsukika. Zitayeni. Matabwa enieni amapulumuka: atsukeni, aumire pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa padzuwa amapindika. Chotsaninso timatabwa ta m'tsinde mwa khoma, kuseri kwake n'komwe matope amabisala.

FUNSO: Ndili pafupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Chichokereni madzi, pansi pakumveka ngati ng'oma ndikapondapo, ndipo pakona pali mng'alu. Nyumba ndi ya njerwa zowotcha koma tinamangira dothi. Ndingothira fulo ina pamwamba? Bambo wa ku Mtandire

YANKHO: Ayi bambo. Kulira koteroko kukusonyeza kuti dothi lapansi lakhazikika kapena lakokoloka, ndiye silabu yalenjekeka m'malere. Mukaonjezera katundu pamwamba idzathyoka yonse. Gogodani ndi nyundo chipinda chonse, lembani ndi choko pomwe pakulira, muphwanye pamenepo. Pakapitirira theka la chipinda, phwanyani ponse.

Chotsani matope ofewa mpaka mupeze nthaka yolimba. Bwezerani zidutswa za njerwa kapena miyala masentimita 15 nthawi imodzi, kutsendera bwino musanaonjezere zina. Pamwamba yalani mchenga masentimita 5 kuti miyala isaboole pepala, thirani mankhwala a chiswe, kenako pepala lakuda la pulasitiki lokhuthala, la ma micron 250 (muyezo wa kunenepa kwake). Pokumana mapepala apitirirane masentimita 30, ndipo m'mphepete akwere kukhoma. Pepala lopyapyala lofolera udzu limang'ambika konkire asanaume.

Konkire akhale wa thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a kwale, madzi pafupifupi malita 25. Chipinda cha mamita 3 kwa 4, silabu yonenepa mamilimita 75, chimadya matumba 6, mawilibala 6 a mchenga ndi 12 a miyala. Anyamata othandiza amakonda kuchulutsa madzi kuti fosholo ipepuke, muwaletse, chifukwa konkire wamadzimadzi amang'aluka ndipo amachita fumbi. Mum'phimbe ndi kumuthirira masiku 7. Ngati denga likulola, kwezani levulo ya pansi ndi chiundo cha pakhomo. Lingadzi anasefukira ku Mtandire mu Febuluwale 2017 n'kugwetsa nyumba zambiri, ndiye kwanuko madzi ngoyembekezera.

Koma chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi khomalo. Dothi lomangira likanyowa limataya mphamvu, ndipo khoma limatha kugwa madzi atapita kale. Lembani ndi pensulo pothera mng'alu, yezani kukula kwake, lembaninso tsiku, muzionanso sabata iliyonse. Ukapitirira mamilimita 5, ukamakula, ukamayenda ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, zitseko zikayamba kukakamira kapena khoma likatuluka mimba, samutsani ana m'chipindamo, chirikizani denga ndi milimo, muitane injiniya kapena mmisiri wodziwa. Ngati mng'alu waima, dikirani khoma liume, kokotani dothi la pakati pa njerwa masentimita awiri m'mizere yonse yomwe inamira, mita imodzi nthawi imodzi, n'kubwezera matope a simenti a muyezo umodzi ku isanu. Musakokote khoma lonse tsiku limodzi. Mukafuna kugumula ndi kumanganso khoma losenza denga, kafunseni kaye ku khonsolo ya mzinda za chilolezo.

FUNSO: Alendi atsopano akulowa mwezi wamawa. Bwanji ndingomata matailosi m'munsi mwa khoma lonyowalo kuti zisaoneke? Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Matailosi satha chinyezi mayi, amangochikankhira m'mwamba. Pakapita miyezi ingapo mudzaona mzere wonyowa pamwamba pa matailosiwo, ena atayamba kugwa chifukwa mchere umakankha zomatira, ndipo banja la alendiwo lidzakhala likupuma chuku. Zungulirani kunja muone ngati dothi, bedi la maluwa kapena khonde sizinakwere kupitirira pepala la DPC, lija amayala m'tsinde mwa khoma pomanga kuti chinyezi chisakwere. Pepalali liyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka, kutanthauza mizere iwiri ya njerwa. Fukulani mpaka lioneke, dulani pulasitala wakunja pamzere umenewo kuti asamadumphitse madzi, ndipo mukonze magata ndi mpopi wapanja ngati ukudontha. M'kati gumulani pulasitala wovunda, pakani laimu panjerwa, muwauze alendiwo zoona kuti pulasitala ndi penti zibwera mu Okutobala khoma likauma, ndipo makabati awaike motalikira khoma ndi masentimita 10.