Apongozi akubwera Lamlungu, ndalama ndi ya shin basi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare. Dzina lawo ndasunga, koma mawu awo ndi awa: "Apongozi anga akubwera Lamlungu kuchokera ku Chegutu, ndipo pa chakudya chamadzulo tidzakhalapo anthu 8. Steak sindingaifike. Kubutchala ndimakwanitsa shin kapena brisket, koma ndikaphika imatuluka yolimba ngati lamba. Nditani kuti ndisachite manyazi?"

Achemwali, mtima ukhale m'malo. Kaguleni shin yomweyo. Ine ngakhale ndalama zitandichulukira bwanji, ya msuzi ndingagulebe shin.

Shin ndi nyama ya pamsongolo, pamene ng'ombe imayendera tsiku lonse. Mukaiyang'ana bwino muona timizere toyera tolukanalukana m'kati mwake, ndipo n'timeneti timakuvutitsani mano. Azasayansi amati collagen. Ikaphikidwa mothamanga imakungana n'kulimba, koma ikakhala nthawi yaitali pamoto wochepa imasungunuka n'kulowa mumsuzi. Mukudziwa mmene msuzi wa mang'ina, amene anzathu Achishona amati mazondo, umamatira milomo? Chinthu chake n'chomwecho. Steak ilibe zambiri zotere, n'chifukwa chake imapsa m'mphindi zochepa, koma mukati muiwiritse maola atatu imauma n'kusanduka makungwa. Brisket, nyama ya pachifuwa, imafewanso chimodzimodzi ndi shin, kungoti ili ndi mafuta ambiri ndipo ena amawalemera m'mimba usiku.

Kubutchala musamangoloza pagalasi n'kulipira. Nyama ya ng'ombe kuno ku Zimbabwe imaikidwa m'magiredi, Super pamwamba, kenako Choice, Commercial ndi Economy, ndipo mtengo umatsika motsatira pamenepo. Pa ndiwo ya msuzi Commercial kapena Economy ndi yokwanira. Kawirikawiri imakhala ya ng'ombe yokulirapo, ndiye imafuna nthawi yochulukirapo pamoto, koma kukoma kwake kumamveka kuti iyi ndi ng'ombe. Mafuta achikasu asakuopseni, amangosonyeza kuti ng'ombeyo inkadya msipu. Chokana ndi fungo loipa ndi nyama yoterera m'manja. Kwa anthu 8 tengani kilo imodzi ndi theka, ndipo muwauze akuduleni ndi fupa lake, nthuli zokhuthala ngati zala ziwiri. Akakudulirani timinyuminyu tating'ono tidzathera mumsuzi, apongozi n'kumafufuza nyama ndi supuni. Kunyumba pukutani nthuli iliyonse, chifukwa makina odulira aja amasiya tizidutswa ta fupa tomwe tingagulule munthu dzino.

Tsono ndikuuzeni mmene ndinaphunzirira, poti nane ndinachitapo manyazi amenewa. Ndili mtsikana, nditangokwatiwa kumene ku Highfield, dera lina la mu Harare, ndinaphikira apongozi anga aamuna nyama ngati yomweyi. Ndinaitereka mochedwa, ndinasonkhezera moto mpaka mphika kumavina, madzi akaphwa n'kumathira ena ozizira, mpaka katatu. Pa tebulo bambo aja anatafuna, kutafuna, kenako anaika nthuli ija pambali pa mbale n'kundifunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, kodi ng'ombe imeneyi inalima minda ingati?" Anthu anaseka, ine ndinakalirira kukhitchini.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti madzi akayamba kuwira satenthanso kupitirira pamenepo, ngakhale mutathira thumba lonse la makala. Moto wambiri umangomaliza madzi ndi kukunga nyama. Komanso Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100. Ndiye chifukwa chake nyemba zimatichedwera kuno kusiyana ndi kwa abale athu a ku Mangochi kapena ku Nsanje. Nyama nayonso chimodzimodzi. Ngati chakudya chili 6 koloko madzulo, mphika ukhale uli pamoto pofika 2 koloko.

Amayi athu ambiri amayamba ndi kuwiritsa nyama m'madzi pang'ono, madzi akaphwa n'kuikazinga m'mafuta ake omwe. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo sindiinyoza. Koma pa shin ine ndimatembenuza, ndimayamba ndi kukazinga. Pukutani nyama iume, chifukwa yonyowa siifiira, imangotulutsa madzi. Iwazeni mchere. Tenthetsani mafuta ophikira supuni zitatu mumphika wokhuthala pansi, ndipo muziika nthuli zochepa nthawi imodzi, zisapanikizane. Musamazitakase. Zisiyeni mpaka mbali yapansi ifiire n'kuleka yokha kumata, kenako mutembenuze. Apa m'pamene ambiri amafulumira, koma kukoma konse kwa ndiwoyi kumachokera pa mphindi 15 zimenezi. Pansi pa mphika padzatsala zomata zofiirira. Musatsuke, chuma chake n'chimenecho, bola zisade bii.

Chotsani nyama, ikani anyezi awiri akuluakulu oduladula, ndipo muchepetse moto. Anyezi akalobodoka n'kuyamba kufiira thirani adyo, ndi kare supuni imodzi yaing'ono ngati mumamukonda. Kenako matimati anayi okupsa bwino, osenda. Aphikeni mpaka asungunuke, mafuta ayambe kuoneka pamwamba, uku mukupala zomata zija ndi mthiko. Bwezerani nyama pamodzi ndi madzi ake amene yatulutsa m'mbale. Thirani madzi otentha, osati ozizira, ongofika m'khosi mwa nyama osaimiza. Akangobwata chepetsani moto kwambiri n'kuvundikira.

Mphika wophika bwino shin sumveka phokoso. Mukavundukula muzingoona thovu limodzi apa, lina apo, kuti phu, phu. Usiyeni choncho maola awiri ndi theka kapena atatu, n'kumasuzumira pakatha theka la ola lililonse. Madzi akachepa onjezani otentha, kapu imodzi yokha. Musadalire wotchi yokha. Tengani foloko mubaye nthuli yaikulu n'kupotoza. Ikang'ambika mosavuta ndipo fupa likusiyana ndi mnofu, yapsa. Ikakana, sikuti mwalakwitsa, nthawi yake sinakwane basi, vundikiraninso. Anthu ambiri amagonja pa ola limodzi ndi theka, pamene nyama imakhala italimbitsitsa, n'kumati anawagulitsa nkhalamba.

Za kuthimathima kwa magetsi tonse tikuzidziwa, ndiye musaike ulemu wanu pa sitovu. Mbaula ya makala ndi yabwino kwambiri pa ndiwo iyi, makamaka makala akayamba kuchita phulusa pamwamba. Gasi amatha msanga pa maola atatu, koma pali njira yomupulumutsira. Nyama ikawira bwino kwa mphindi 45, tsitsani mphika uli chivundikirire, muukulunge m'bulangeti lokhuthala, muusiye maola atatu osautsegula, kenako muubwezere pamoto uwirenso musanapakule. Ngati muli ndi pressure cooker, mphika wotseka kwambiri wophika ndi mphamvu ya nthunzi, mphindi 45 mpaka ola limodzi zakwana. Ndipo ngati furiji yanu ikugwira ntchito modalirika, phikani Loweruka. Ndiwo yotere imakoma kwambiri mawa lake, ndipo mafuta amaundana pamwamba moti mutha kuwayengula ndi supuni. Popanda furiji musaigoneke, makamaka miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Wina adzakuuzani kuti muthire soda. Soda ndi wa therere. Mu nyama amafewetsadi, koma msuzi umamveka sopo. Za kuponya mapiritsi a mutu mumphika kuti nyama ifewe msanga, chonde musayerekeze n'komwe, mankhwala si ndiwo ndipo amenewo akachuluka m'thupi amawononga chiwindi.

Mwina mukuwerenga m'mutu kuti kilo imodzi ndi theka, kuchotsapo mafupa, kwa anthu 8 ichepa. Zoona, payokha ichepa. Kwatsala mphindi 30 kuti ipse, ikanimo mbatatesi zinayi ndi makaroti awiri, zodula zikuluzikulu. Zimamwa msuzi ndipo ana amazilimbirana kuposa nyama. Njira ina ndi imene Harare yonse imaidziwa ndi dzina lakuti haifiridzi, lochokera ku Highfield komwe ndinachitira manyazi kuja, kuphatikiza nyama ndi masamba mumphika umodzi. Dulani covo, masamba ofanana ndi repu, kapena repu yemweyo mopyapyala, mitolo iwiri, muthire nyama itafewa kale, kwatsala mphindi 10 zokha kuti masamba asade. Mpiru, umene pamsika wa Mbare mudzaupeza ndi dzina lakuti tsunga, umakomanso koma umawawirako, ndiye funsani kaye amuna anu ngati makolo awo amaukonda. Komabe kwa alendo ngati amenewa ine ndingapatule, nyama mbale yake, masamba mbale yake. Akuluakulu ambiri a kwathu amakonda kuona ndiwo ziwiri pa tebulo, ndipo zimaoneka kuti munakonzekera.

Mchere ulaweni kumapeto, chifukwa msuzi ukamachepa mchere umakula. Tsabola musaike mumphika, muike pakambale pambali aliyense adziikire. Msuzi ukaoneka wamadzimadzi, vundukulani mphika mphindi 10 zomaliza, udzakhuthala wokha popanda ufa kapena supu wa m'paketi.

Nsima muyambe kuphika nyama itapsa kale ndipo mwaitsitsa, ikupuma. Pogawa, yambani mwasankha nthuli ziwiri zazikulu zokhala ndi fupa la mafuta m'kati, muike m'mbale ya apongozi, ndipo pafupi pakhale kasupuni kakang'ono kokolowolera mafutawo. Mukadzandilemberanso mudzandiuze ngati munapeza Commercial kapena Economy, ndi kuti inatenga maola angati pa mbaula yanu.