Kodi mwana wa msodzi angalowe m'ntchito yoteteza nyama?

Owerenga athu ena a ku Chikwawa atilembera kuti anakulira m'bwato pa Shire, sukulu analekezera Fomu 4. Akufunsa ngati zomwe amadziwa za mtsinje zili ndi ntchito kwa oteteza nyama.

Achimwene, zili ndi ntchito ndithu, ndipo umboni wake uli ku mtsinje wa Amazon ku South America. Kumeneko kuli chinsomba chotchedwa pirarucu, chotalika kuposa mamita 2, chomwe chinatsala pang'ono kutha. Chimapuma mpweya, choncho pakatha mphindi 15 kapena 20 chimavuuka. Asodzi okulira m'madzimo amasiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono pongomva mkokomo wake ndi kuona mafunde. Kuyambira mu 1999, ku Mamirauá m'dziko la Brazil, luso limeneli ndi lomwe lakhala maziko owerengera nsombazi, ndipo anthu a mtundu wa Makushi ku Guyana anatengera njira yomweyo.

Amawerenga m'chilimwe, madzi ataphwera, nsomba zitaunjikana m'mathamanda. Aliyense amapatsidwa chigawo chake, nakhala chete m'bwato mphindi 20 zokha. Mukapitirira pamenepo, nsomba imodzi mwaiwerenga kawiri. Kukakhala mphepo kapena mvula ntchito imaima, chifukwa mafunde amabisa zonse. Zosakwana mita 1.5 amazilemba padera, sizigwidwa. Mwa zazikuluzo boma limalola kugwira zosaposa 30 pa 100 zilizonse. Chimene chimaononga kwambiri ndi kuwonjezera chiwerengero dala pofuna kugwira zambiri, komanso kulekerera ulonda wa usiku: thamanda lopanda mlonda akuba amalikokolola ndi maukonde.

Chambo ndi mlamba simungaziwerenge chonchi, koma mvuu ndi ng'ona zimatheka. Ng'ona amaziwerenga usiku ndi tochi yamphamvu, maso ake akamanyezimira. Mvuu masana zili m'maiwe awo.

Inu chimene mukusowa ndi kope basi. Lembani tsiku, malo, nthawi, kuya kwa madzi ndi zomwe mwaona, malo omwewo mwezi ndi mwezi, ngakhale tsiku lomwe simunaone kanthu. Dambo la Ndindi ndi la Elephant Marsh zili kwanu komweko ku Chigwa cha Shire, ndipo Elephant Marsh inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri pa dziko lonse, mu 2017. Yambani ndi komiti ya usodzi ya m'mudzi mwanu, kenako kopelo mukalionetse ku ofesi ya Nthambi ya Nyama Zakutchire.