Funsani Asisita: Kodi za mtima wa ana ndingaziphunzire pa foni?

Funso: Asisita, ndine namwino pa kiliniki ina ya kumudzi kuno ku Chadiza. Mwezi watha kunabwera khanda la miyezi inayi limene tinali titalipatsa kale mankhwala a chibayo kawiri. Amayi ake ankati likamayamwa limatuluka thukuta pamphumi, limasiya bere n'kumapuma mwabefu. Pa khadi la sikelo mzere sunkakwera. Titalitumiza ku Chipata anakapeza kuti lili ndi bowo mumtima. Mpaka lero zikundiwawa. Ndamva kuti pa intaneti pali maphunziro a matenda a mtima wa ana. Kodi angatithandize ife a kumudzi, kapena ndingotha mabandulo pachabe?
*Namwino, Chadiza*

Yankho: Mng'ono wanga, khandalo munalitumiza, ndipo ndi chifukwa chake bowolo linapezeka. Ine ndili mtsikana pantchito ndinakhala chaka chathunthu ndikumpatsa mankhwala owonjezera magazi mnyamata wina amene agogo ake ankati ndi waulesi, poti akathamanga pang'ono ankanyonyomala pansi. Milomo yake inali yobiriwira, ine n'kumati wadya nthudza. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti kunyonyomala koteroko ndi chizindikiro cha Tetralogy of Fallot, matenda a mtima obadwa nawo. Kanema wa mphindi khumi akanandisukusula.

Ndiye inde, phunzirani. Mwa ana 100 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo oyamba kumuona ndi inu a kusikelo, osati madokotala a ku National Heart Hospital kapena ku UTH (University Teaching Hospital) ku Lusaka. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Banja silikwera basi imeneyo popanda wina wolilembera kalata.

Maphunziro aulere alipo. OPENPediatrics, ya chipatala cha ana cha ku Boston, ili ndi makanema oonetsa bwino mmene magazi amayendera mumtima wobooka. Heart University nayo ndi ya za mtima wa ana. Koma ndikuuzeni zoona: zambiri mmenemo anakonzera anthu okhala ndi makina a echo ojambulira mtima ndi ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Zimenezo dumphani, musachite nazo manyazi. Inu fatsani pa zimene mungachite Lolemba m'mawa. Ngati muli ndi pulse oximeter (kachipangizo koyezera mpweya wa okosijeni m'magazi) yoyenera makanda, phunzirani kuyeza kudzanja lamanja ndi kuphazi mwana akatha maola 24 chibadwire. Ikaonetsa pansi pa 90, mutumizeni, musadikire mawa. Mwana wobiriwira akabanika, mpindeni mawondo afike pachifuwa.

Chimene ndingakukakamizeni kwambiri ndi matenda a rheumatic heart disease, chifukwa amenewo amayambira pakhomo panu pomwepo. Mwana wa sukulu wadwala zilonda zapakhosi, kunyumba amupatsa Panado, pakatha milungu iwiri kapena itatu mfundo zayamba kuwawa, kenako mavavu a mtima awonongeka. Jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi amateteza mtima kuti usapitirire kuwonongeka. Jakisoniyo amawawa zedi, ndipo ana amathawa. Tsegulani kaundula wawo, mudziwe amene sanabwere, mutume a zaumoyo a m'mudzi akamutenge.

Za mabandulo: tsegulani makanema tsiku limene mwapita ku boma kumene netiweki imagwira, mulembe mfundo m'kope, mukafotokozere anzanu pa nthawi ya tiyi. Funsaninso ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu za Project ECHO, kumene anthu amakambirana za odwala enieni pa Zoom.

Musanalipire aliyense wolonjeza satifiketi pa WhatsApp, yambani mwafunsa ku Nursing and Midwifery Council of Zambia ngati maphunzirowo amawerengedwa pa mapointi a CPD, a maphunziro opitiriza a pantchito. Ndipo amayi a khanda lija akabweranso kusikelo, apempheni mumvetsere pachifuwa pa khandalo ndi stethoscope, kumanzere kwa fupa lapakati pa chifuwa, cha kumunsi kwake. Phokoso limenelo likakhala m'khutu mwanu, mudzalizindikira pa mwana wina.